Tigule Zatsopano Kapena Tisunge Zakale?

Pakhomo pathu pano m'Chipata, nkhani za ndalama timazikamba usiku, nsima itatha ndipo mbale zitatsukidwa. Ndi mwambo umene tinauyamba titangokwatirana, ndipo kufikira lero sitinausiye. Koma m'mwezi wa Okutobala caka ca 2025 panabuka nkhani imene siinathe ndi usiku umodzi. Inatitengera masabata atatu, ndipo masiku ena tinali kupita kukagona popanda wotsazika mnzake. Tafuna kuti tikusimbireni, awerengi okondedwa, pakuti tidziwa kuti mabanja ambiri masiku ano akumana ndi funso longa lathuli, ngakhale kuti cinthu cofuna kugulidwaco cingakhale cina.

Ife ndife banja lodyera m'kasitolo kakang'ono kamene kali pafupi ndi msika wa Kapata. Nchito yathu ndi kukonza pa kompyuta zinthu zoti zisindikizidwe: makhadi oitanira anthu ku ukwati, timabuku ta mwambo wa maliro, makalendala, mabuku a malisiti, zikwangwani za masitolo, ndiponso nsalu zolembedwa mau zimene anthu amanyamula pa Nc'wala ku Mtenguleni m'Febuluwale ndi pa Kulamba ku Mkaika m'Ogasiti. Nchito zing'onozing'ono timasindikiza tokha. Zikuluzikulu timatumiza pa intaneti kwa osindikiza a ku Lusaka, ndipo katunduyo amabwera pa basi. M'kasitolo kameneka ndimo mwacokera lendi, unga, ndi ndalama zophunzitsira ana athu atatu.

Khasu lathu lakale

Mlimi ali ndi khasu, telala ali ndi makina ake. Khasu lathu ife ndi mapulogalamu a pa kompyuta. M'caka ca 2013 tinagula phukusi la mapulogalamu lochedwa Creative Suite 6, kapena CS6 mwacidule, lopangidwa ndi kampani ya ku America ya Adobe, limene linatuluka mu 2012. M'phukusi limene tinasankha munali Photoshop yokonzera zithunzi, Illustrator yojambulira zizindikiro, InDesign yoyalira masamba a mabuku, ndi Acrobat. Ku America mtengo wake unali madola 1,299. Nthawi imeneyo Kwacha inali itangocotsedwa maziro atatu, ndipo dola imodzi inali kupitirira pang'ono K5. Tinaphatikiza ndalama zimene tate wa banja lino analandira posiya nchito ndi za cilimba ca amai, ndipo mlamu wathu wa ku Johannesburg anatigulira nkutitumizira bokosilo. Inali ndalama yowawa, koma tinalipira kamodzi ndipo cinthuco cinakhala cathu.

Caka comweco, m'mwezi wa Meyi, kampaniyo inalengeza kuti sikudzakhalanso phukusi lina logula kamodzi. M'malo mwake munthu azilipira mwezi ndi mwezi pansi pa dongosolo lochedwa Creative Cloud, limene linayamba pa mtengo wa madola 49.99 pa mwezi. Mu Januwale 2017 analeka kugulitsa CS6. Ife tinamva zonsezi, koma sizinatikhudze. Khasu lathu linali kulima bwino, ndipo linalima zaka 12.

Zinthu zitatu zimene zinadza pamodzi

Coyamba cinali kompyuta. Inali itakalamba, ndipo pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa cisamaliro cake ca nthawi zonse ca Windows 10. Kompyuta yathuyo siinali ndi mphamvu zolandirira Windows 11. Kuisiya pa intaneti kukanakhala ngati kugona m'nyumba imene loko wake sadzakonzedwanso.

Caciwiri cinali nchito ina yaikulu. Bungwe lina lothandiza alimi linatipatsa buku la masamba 48 kuti tiikemo mau a Cinyanja m'malo mwa Cingelezi. Fayilo imene anatumiza inali yokonzedwa ndi InDesign yatsopano, ndipo yathu yakale inakana kuitsegula. Tinakhala masiku awiri tili kuyang'ana kauthenga kokanako, nayo nthawi imene tinalonjeza ili kuyandikira.

Cacitatu cinali mwana wathu woyamba, mtsikana, amene anali atangotsiriza maphunziro a zojambula pa koleji ina ku Lusaka. Anafika ndi laputopu yake, anayang'ana kompyuta yathu, nati: "Atate, Amai, zimene mugwiritsa nchitozi ndi za makedzana. Cimene atate amacita ola lathunthu, masiku ano cimacitika madzi a tiyi asanawire. Tiyeni tilembetse zatsopano, apo ayi makasitomala adzatithawa."

Atate wake anayankha kuti: "Mama, khasu logula ndi lako ngakhale caka ca njala. Ng'ombe zobwereka za lendi, mwini wake amafuna ndalama zake kaya mvula yagwa kaya siinagwe."

Mtsikanayo sanagonje. Anati: "Koma Atate, wolima ndi ng'ombe amatsiriza munda wa khasu asanafike pakati."

Onse awiri anali kunena zoona, ndipo ndico cifukwa cake nkhaniyi inavuta.

Buku la malisiti

Amai a m'nyumba muno ndiwo amasunga mabuku a m'sitolo. Usiku wacitatu anabweretsa mabuku a malisiti a caka cathunthu nawaika pa thebulo, nati tileke kukangana ndi pakamwa, tiwerenge. Tinatenga nchito imodzi imodzi ndi kudzifunsa kuti: kodi iyi inalephereka kapena inacedwa kwambiri cifukwa ca mapulogalamu akale? Mwa nchito zoposa 400, tinapeza 7 zokha. Zina zonse zinali makhadi, timabuku ta maliro, malisiti ndi makalendala, zimene khasu lakale limacita popanda kudandaula. Koma tiyenera kunena mosabisa kuti pa 7 zija, zitatu zinali za ndalama zambiri koposa zonse, ndipo imodzi tinaitaya ndithu.

Tsono tinatembenukira ku mtengo. Mu 2025, phukusi lonse la Creative Cloud, ngakhale locepa mtengo, linali loposa madola 50 pa mwezi ku America, kutanthauza madola oposa 600 pa caka. Dola imodzi inali yoposa K20. Motero tinali kukamba za ndalama zoposa K12,000 caka ciliconse, popanda tsiku lonena kuti tsopano tatsiriza kulipira. Tinaona kuti ndalama imene tinagulira CS6 ikanatha m'zaka ziwiri ndi miyezi yocepa ya lendi. Tikanalembetsa mu 2013, pofika 2025 tikanakhala titapereka madola oposa 7,000.

Cimene cinatiopsa kwambiri sicinali kukula kwa mtengo, koma ndalama imene mtengowo walembedwamo. Makasitomala athu amalipira m'Kwacha, pamene lendi imeneyi imawerengedwa m'madola. Dola imene inali kupitirira pang'ono K5 mu 2013 inali yoposa K27 kumapeto kwa 2024. Pambuyo pake Kwacha inalimbako, koma ife amene tinaona kukwera ndi kutsika kumeneku sitingalonjeze zimene zidzacitika mawa. Munthu wobwera kudzakonzetsa kabuku ka maliro a amai ake sungamuuze kuti mtengo wakwera cifukwa ca dola.

Tinakumbukanso caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, malaiti anayamba kuzima nthawi yaitali, ndipo masiku ena anali kubwera maola ocepa okha pakati pa usiku. Alimi, amene ndiwo amabweretsa ndalama m'tauni yathu, analibe cogulitsa. Maukwati ambiri anaimikidwa. Miyezi ina sitinapeze ndi ya lendi ya sitolo yomwe. M'miyezi imeneyo khasu lathu lakale silinatipemphe kanthu. Linangokhala cete kudikira malaiti.

Mtsikana wathu anatiwerengera malamulo a pangano la kulembetsa, ndipo tinamuyamikira kuti sanabise kanthu. Ngati mwasankha pangano la caka cathunthu lolipira mwezi ndi mwezi, ndipo mwafuna kuleka patapita masiku 14, mumalipira theka la ndalama za miyezi yotsalayo. Ngati mufuna ufulu woleka mwezi uliwonse, mtengo wa pa mwezi umakhala wokwererapo. Mukaleka kulipira, mafayilo anu amakhalabe anu, koma mapulogalamu owakonzera amatsekeka. Kuwonjezera apo pafunika kompyuta yamphamvu, khadi la kubanki lolipirira kunja kwa dziko, ndi mabandulo a intaneti. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Njira yacidule

Pakati pa masiku amenewa, mnyamata wina wokonza mafoni anamva za vuto lathu. Anabwera m'sitolo nanena motsitsa mau kuti angatiikire mapulogalamu onse atsopano pa K150 yokha, osalipiranso mpaka kalekale. Sitidzanama, tinakhala cete kwa kanthawi. K150 ndi K12,000 ndi zinthu zotalikirana.

Amai ndiwo anathetsa nkhaniyo. Anatikumbutsa za caka cina pamene tinakonza kalendala yokongola ya zithunzi za m'cigwa ca Luangwa, ndipo patapita mwezi tinaiona ili kugulitsidwa pamsika, dzina lathu litafufutidwa ndipo lina litalembedwapo. Atate sanadye nsima tsiku limenelo. Amai anati: "Atate ake a ana, ngati cinatiwawa ife, bwanji ticitire ena comweco?" Dziko lathu lili ndi lamulo la 1994 loteteza nchito za olemba, oimba ndi opanga mapulogalamu a pa kompyuta. Ndiponso mapulogalamu akuba kawirikawiri amabwera ndi tizilombo ta pa kompyuta timene tingaononge kapena kutseka nchito zonse zimene munthu wasunga. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Tinamuthokoza mnyamatayo ndipo anapita.

Cithunzi ca pa citupa

Kampani ya Adobe imalola munthu kuyesa mapulogalamu ake masiku 7 asanalipire. Tinagwirizana kuti tiyese pa laputopu ya mtsikana wathu, ndi nchito zenizeni zobwera pakhomo.

Tsiku lacinai kunabwera mai wina wocokera kumudzi, ali ndi mlamu wake. Amuna ake anali atamwalira dzulo lake, ndipo cithunzi cokha cimene anali naco cinali ca pa citupa, caching'ono, cakuda ndi coyera, mbali imodzi ya nkhope itadyeka ndi cinyezi. Anafuna kuti ciikidwe pa kabuku ka maliro.

Kuyambira mu 2023, Photoshop ili ndi cida cimene cimatha kudzaza malo oonongeka mwa kuyerekeza zimene ziyenera kukhalapo. Mtsikana wathu anazunguliza mbali yodyekayo, anadina, ndipo tisanaphethire kawiri panaoneka nkhope yathunthu, yosalala, ya bambo wooneka bwino. Ife tinazizwa. Maiyo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati motsitsa: "Mwakonza bwino, mwanangu. Koma awa si atate ake a ana anga. Iwo anali ndi cipsera apa, ca ng'ombe imene inawagunda ali mnyamata."

Cidaco sicinalakwe. Cinacita cimene cinapangidwira, ndiko kuyerekeza, pakuti sicikanadziwa za ng'ombe ija. Atate anatenga cithunzico, anakhala pa kompyuta yakale, naika maiyo pambali pawo. Anali kukonza pang'ono pang'ono, ali kufunsa kuti, "Apa, amai? Kapena m'munsi pang'ono?" Panapita ola ndi theka. Potsiriza maiyo anagwira kukamwa, ndipo misozi inatsika.

Koma tisakusokeretseni. M'sabata lomwelo cida comweco cinatithandiza kucotsa anthu ongodutsa kumbuyo kwa cithunzi ca akwati, ndi kutalikitsa thambo pa cikuto ca kalendala, m'mphindi ziwiri zokha. Atate anavomera pamaso pa mwana wawo kuti iwo zikanawatengera masana onse. Masiku 7 aja anatiphunzitsa kuti zatsopanozo ndi zabwino ndithu, ndipo zimapulumutsa nthawi. Koma nthawi si cinthu cimene cimasowa m'sitolo mwathu. Masiku ambiri timakhala ndi maola oculuka kuposa makasitomala.

Safunsa anadya phula

Nanga buku la alimi lija? Mtsikana wathu anaimbira foni wokonza mabuku wa bungwelo namupempha kuti asungenso fayiloyo m'mtundu wochedwa IDML, umene InDesign yatsopano imatha kulemba kuti yakale iwerenge. Patapita mphindi khumi fayilo inafika, ndipo inatseguka. Tinafunika kukonza malo ocepa pamene zilembo zinasuntha, koma nchito inatha pa nthawi yake. Tinali titavutika masiku awiri, ndipo caka catha tinali titataya nchito yonga yomweyi, cifukwa ca manyazi ofunsa.

Tinaphunziranso kuti msika wa mapulogalamu suli ndi sitolo imodzi yokha. Alipo aulere amene akhalapo zaka zambiri: Scribus yoyalira masamba, GIMP yokonzera zithunzi, ndi Inkscape yojambulira. Ndipo tili mkati mokambirana, kumapeto kwa Okutobala 2025, kampani ya Canva, imene inagula mapulogalamu a Affinity mu 2024, inawaphatikiza kukhala pulogalamu imodzi ndi kuipereka kwaulere, kupatula zida zina zoyerekeza zimene zimafuna kulipira. Pulogalamuyi imatsegula mafayilo a IDML ndi a Photoshop. Kuiphunzira kufuna kudekha, pakuti dzanja limene lazolowera njira imodzi zaka 12 limapita lokha kumene linazolowera.

Cimene cinali pansi pa mkangano

Titaona zonsezi tinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo tinauza mtsikana wathu kuti sitidzalembetsa. Iye anaimirira nalowa m'cipinda cake osanena kanthu. M'mawa mwake amai wake anamutsatira kumene anali kucapa, ndipo kumeneko ndi kumene zoona zinatulukira.

Anati: "Amai, ine sindili kulirira sitolo yokha. Kulikonse kumene ndafunsira nchito ku Lusaka amafunsa ngati ndidziwa mapulogalamu amenewa monga alili lero. Ndikakhala pano caka cathunthu ndi zakalezi, manja anga adzaiwala, ndipo ndalama zimene munandilipirira ku koleji zidzapita pacabe."

Ife tinali kuwerenga za sitolo, iye anali kuwerenga za moyo wake. Ndipo atate nawo anaulula usiku umenewo kuti mau aja akuti makedzana anawalasa, pakuti anamva ngati mwana wawo anali kunena za iwo osati za kompyuta. Panali kupepesana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu tinaseka tili pa thebulo.

Zimene tinagwirizana ndi izi. Kompyuta yatsopano tinaigula, pakuti imeneyo inali yofunika mulimonse, ndipo tinaikamo Affinity. Yakale tinaicotsa pa intaneti, ndipo CS6 ipitiriza kugwira nchito momwemo kufikira tsiku limene makinawo adzafa. Phukusi lonse la Creative Cloud sitinalembetse. Koma pakabwera nchito imene ifunadi Photoshop kapena InDesign yatsopano, timalipira pulogalamu imodziyo mwezi umodzi wokha, ndipo ndalamayo timaiika poyera mumtengo umene timauza kasitomala. Nchito zotere zonse zili m'manja mwa mtsikana wathu. Ndiye amazifunafuna, ndiye amazigwira, ndipo gawo la phindu lake ndi lake. Tinamulonjeza kuti Januwale aliyense tidzatsegulanso buku la malisiti, ndipo caka cimene nchito zakezo zidzabweretsa ndalama zokwana kulipira lendi ya caka conse katatu, tidzalembetsa popanda mkangano.

Cinanso cimene tinacita, cimene tinayenera kucita kalekale, ndico kusunga nchito zathu zonse zakale m'mitundu ya PDF ndi IDML pa zosungira ziwiri, cina ku sitolo cina kunyumba. Motero kaya tidzasamukira ku pulogalamu iti, makhadi ndi mabuku a makasitomala athu sadzatsekeredwa m'nyumba imene kiyi wake tilibe.

Kwa inu makolo anzathu

Mwina inu simukonza makhadi. Mwina funso lanu ndi la foni yatsopano, makina osokera a malaiti, kapena cigayo. Sitikuuzani kuti musagule, pakuti kwa munthu wa ku Lusaka amene amakonza magazini ndi mafilimu tsiku ndi tsiku, lendi imene ife tinakana ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Tingokupemphani kuti musanatulutse ndalama mutsegule buku lanu ndi kuwerenga nchito zimene cinthu cakale cinalepheradi, osati zimene catsopano cingathe kucita. Funsani ngati mudzalipira kamodzi kapena mwezi uliwonse, ndi ndalama ya dziko liti, ndiponso cimene cidzacitika mwezi umene simudzakhala nayo. Werengani pangano lonse musanavomere. Ndipo ngati amene akukakamiza kugula ndi mwana wanu, mufunseni modekha cimene ali kuopa, pakuti ife tinataya masabata atatu tisanafunse funso limeneli.

Makalendala a 2026 anafika pa basi sabata loyamba la Disembala. Cikuto anakonza ndi mtsikana wathu pa kompyuta yatsopano, masamba a miyezi anayala ndi atate wake pa yakale, ndipo amai analemba malisiti. Pofika pa Ciweru ca sabata laciwiri anali atatha onse, ndipo tinaitanitsa ena.